Imfa Yotsalira ya Vairakannu

Vairakannu anagwira ntchito ya kufa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito yakeyo ankaidziwa. Ena akabayidwa ankangoti khu pansi ngati thumba la mpunga, koma iye ayi. Ankayamba wagwira pamimba, n'kuliyang'ana lupangalo ngati akufuna kulifunsa kumene lachokera, kenaka mawondo ankapinda okha, nduwira n'kugubuduka kutsika masitepe. M'masitudiyo a mafilimu a kuno ku Kodambakam, mumzinda wa Madras, ukafuna msilikali wa mfumu yoipa woti afe zooneka, unkaitanitsa Vairakannu.

Kwawo kunali kumudzi wina kufupi ndi Madurai, kumene anaphunzira kumenyana ndi ndodo. Anabwera ku Madras ndi mtima woti adzakhale ngwazi ya m'filimu, ija yolendewera pachingwe n'kulowera pawindo lupanga lili kukamwa. Koma mphuno yake inali yokhota, mawu ake aang'ono, ndiye tsiku loyamba anangomupatsa mkondo n'kumuimika pakhomo la nyumba yachifumu yamatabwa. Ngwazi inafika, inamubaya. Chiyambire tsiku limenelo ankangobayidwa, ndipo sanadandaule, chifukwa mpunga unkapezeka pakhomo.

Zinthu zinadzavuta pamene eni mafilimu anazindikira kuti nyumba yachifumu imodzi ikhoza kutulutsa mafilimu atatu. Nkhani yomweyo, akavalo omwewo, masitepe omwewo, koma ngwazi zitatu: ya Chitamili, ya Chitelugu, ndi ina ya Chihindi yochokera ku Bombay. Yoyamba ikatha kulankhula ndi kupha inkakakhala pampando, yachiwiri n'kulowa kudzanena zomwezo m'chilankhulo chake, n'kupha anthu omwewo. Asilikali sankawasintha. Awasinthirenji, poti ntchito yawo inali kubuula basi? Ndiye Vairakannu, munthu wodziwa Chitamili chokha, anayamba kufa m'zilankhulo zitatu tsiku limodzi.

Ngwazi zonsezo zinkavala mofanana, mkanjo wakuda ndi kansalu kophimba kumaso, moti ukaziyang'ana sukanadziwa kuti uyu ndani. Vairakannu ankazizindikira ndi kabayidwe. Ya Chitamili inkalunjika pamimba. Ya Chitelugu inali yamanzere. Ya ku Bombay inkaopa lupanga, inkatsinzina pomenya, ndipo kawirikawiri inkamupweteka zala zenizeni.

Tsono pali mwambo umene aliyense wa m'situdiyo amausunga, ngakhale aja amati sakhulupirira kanthu. Munthu akafa pamaso pa kamera, kamerayo saizimitsa nthawi yomweyo. Wotsogolera filimu akati basi, wojambula amaisiya ikulirabe pang'ono kuti wakufa uja adzuke, ayang'ane m'diso la kamera, amwetulire. Zikatero imfa ija yatsala m'filimu, simutsatira kunyumba. Kachidutswa kameneko amadzakadula n'kukataya, koma kujambulidwa kokha kayenera kujambulidwa.

Mkazi wake, Thayammal, mwambo umenewu sankauseweretsa. Madzulo alionse ankamudikira pakhomo, khala lili kudzanja ili, kansanza konyowa kudzanja linalo.

"Mwafa kangati lero?"

"Katatu."

Ankalemba mizere itatu pakhoma, pafupi ndi chitseko.

"Mwadzuka kangati?"

"Katatu."

Ankafufuta yonse itatu, ndipo pamenepo mpamene Vairakannu ankalowa m'nyumba kukamwa khofi. Ife oyandikana nawo tinkaseka, koma tinkaseka chamumtima, chifukwa Thayammal sanali mayi womuseka akuona. Sanapite kusukulu, koma pa kuwerenga zinthu sanaphonyepo ndi kamodzi komwe. Anaika m'manda ana awiri ali makanda, anatsala ndi mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Kanagam, ndipo zokhudza imfa sankafuna kumva nthabwala.

Chaka chimene Kanagam anapeza banja, ukwati anauika Lamulungu lina la mwezi wotentha. Lachiwiri la sabata yomweyo mpamene zinamuonekera Vairakannu.

Tsiku limenelo ankajambula nkhondo ya pamasitepe. Ngwazi ya ku Bombay inkafuna kukaonera mpikisano wa akavalo masana, ndiye inapempha kuti iyambe ndiyo. Ya Chitamili inakana. Ya Chitelugu inati bola azisinthana. Anayambadi kusinthana, osati mwa dongosolo lililonse, koma malinga ndi amene wapsa mtima pang'ono pa nthawiyo. Somayya, mphunzitsi wa malupanga, bambo wa ku Nellore wamawu ngati ng'oma, ankakalipa m'Chitelugu n'kumamasulira yekha m'Chitamili chothyokathyoka. Nyali zinkawotcha. Mkanjo wa ngwazi ina unakola pamsomali, anabwereza. Wina anayetsemula ali wakufa kale, anabwerezanso. Vairakannu ankabayidwa, kugwa, kudzuka, kumwetulira, kutola nduwira, kubayidwanso, mpaka mutu unayamba kuzungulira.

Pa kugwa kwina anagona pa sitepe yachisanu, maso ali chitsinzinire, akudikira kuti amuuze adzuke. M'malo mwake anamva kamera ikusiya kulira. Magetsi anali atazima. M'situdiyo munada bii, anthu n'kuyamba kupondana pothamangira panja kukapuma mphepo. Iye anagonabe, poti sanauzidwe kanthu. Atamva kuti mwangoti zii, anadzuka yekha mumdimamo n'kumwetulira, koma ankamwetulira yani? Magetsi sanabwerenso tsiku limenelo.

Pobwerera kunyumba anayesa kukumbukira amene anamubaya komalizako. Pamimba pankamveka kuti pagunda chinthu. Koma zala nazo zinkapweteka. Ndipo akaganiza bwino, lupangalo linkaoneka ngati lachokera kumanzere.

"Mwafa kangati lero?" anafunsa Thayammal.

"Kasanu. Kapena kanayi. Ayi, kasanu."

Mizere isanu inalembedwa.

"Mwadzuka kangati?"

"Kudzuka ndadzuka konse, mayi a Kanagam. Si ndili pano?"

"Sindikufunsa zimenezo ine."

Munthu wina akananama, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Vairakannu kunama kwa mkazi wake sankakutha, makutu ankayamba kumuyabwa. Anafotokoza za magetsi. Thayammal anafufuta mizere inayi, wachisanu n'kuusiya. Kenaka analowa m'nyumba, anatuluka ndi mbale ya mpunga ndi mphasa, naziika pakhonde.

"Mudyera pano, ndipo mugona pano."

"Iwe, ndi filimu chabe."

"Zaka zonsezi inali filimu chabe, nanga munkadzukiranji? Munthu amene ali ndi imfa pathupi salowa m'chisakasa cha ukwati, mukudziwa inu. Mzere uwu ukafika Lamulungu, dzanja la Kanagam akapereka ndi achimwene anga."

Apo mpamene Vairakannu anakankhira mbale ya mpunga ija pambali. Alamu akewo anali munthu wogulitsa nsalu amene zaka zonse ankamutchula Vairakannu kuti mtembo wolipidwa. Koma nkhani sinali ya alamuwo kwenikweni. Vairakannu anali ndi mwana mmodzi, ndipo pa moyo wake wonse panali chinthu chimodzi chokha chimene ankayembekezera kuchita ataimirira, anthu akumuona: kugwira dzanja la mwana wakeyo n'kuliika m'dzanja la mkamwini, mayi ake akuthira madzi. Ankachita mantha, ndipo manthawo anali enieni.

M'mawa mwake anapita kwa Somayya.

"Aphunzitsi, ndatsala ndi imfa imodzi."

Somayya anamvetsera, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka ataona nkhope ya mnzakeyo analeka.

"Zazing'ono zimenezo. Ndilankhula ndi wojambula. Ugone pansi, ayatse kamera, udzuke, useke, basi."

Vairakannu anathamangira kunyumba masana omwewo ndi nkhani yabwinoyi. Thayammal ankapeta mpunga wa ukwati ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Kuti mudzuke, muyamba mwagona?"

"Eya."

"Pamaso pa kamera, maso otsinzina?"

"Eya."

"Ndiye imeneyo ndi imfa ina yatsopano. Mudzuka yatsopanoyo, yakale ija ili pomwepo."

Vairakannu anayesa ndi zala. Anapinda chimodzi, cha Lachiwiri. Anapinda chachiwiri, natambasula chachiwiricho. Choyamba chija chinali chikadali chopinda, chikumuyang'ana.

Lachinayi anazungulira situdiyo yonse kufunsa kuti anamupha ndani. Wa nyali anati ndi wa ku Bombay, anamuona ndi maso ake. Telala anati bodza, mkanjo unali wa ngwazi ya Chitamili, anausoka yekha. Somayya anati ndi wa Chitelugu, kenaka anati mwina ayi. Mlembi amene amalemba zonse m'kabuku anatsegula tsamba la Lachiwiri, ndipo pamalo pamenepo panali dontho la khofi. Vairakannu anafika mpaka kukachisi kwa wansembe.

"Kodi unafadi?" anafunsa wansembeyo.

"Ayi, bambo."

"Nanga ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kudzuka."

Atayamba kufotokoza za zilankhulo zitatu zija, wansembe anamupaka phulusa pamphumi n'kuitana amene anali pambuyo pake.

Nzeru inabwera ndi Somayya, Lachisanu. Anamukokera kuseri kwa nyumba yachifumu, kumene kumaoneka misomali ndi nsungwi zochirikiza.

"Tamvera. Mawa tikumaliza za pamasitepe. Ngwazi iimirira pamwamba kulankhula ndi mwana wamkazi wa mfumu, mitembo ili pomwe inagwera Lachiwiri. Iwe ndikuika pa sitepe yako yachisanu. Imeneyo si imfa yatsopano, ndi yomwe ija ikupitirira. Tijambula zilankhulo zonse zitatu. Udzuke konse kutatu, imodzi mwa izo ikhala yakoyo."

Atamufotokozera kunyumba, Thayammal anaiganizira nkhaniyi, milomo ikugwedera powerenga.

"Zikumveka," anatero. "Koma mukadzuke zonse zitatu. Mukaphonya imodzi, mwawonjezera."

Loweruka Vairakannu anafika m'mamawa, anavala zausilikali, anamanga nduwira bwinobwino ngakhale ankadziwa kuti ikakhala pansi. Asanayambe, kunabwera mwini filimu, bambo wonenepa wa mphete zala zonse. Anati mipukutu ya filimu yatsala yochepa, ina ichedwa kufika padoko, choncho lero kamera iziima pomwe wotsogolera wanena kuti basi, osapitirira ngakhale pang'ono. Za kumwetulira kwa mitembo, anati, akaswa kokonati imodzi yochotsa tsoka pageti m'malo mwa onse.

Kokonati imodzi, mitembo khumi ndi iwiri. Anthu amenewa ndalama zikawakwera kumutu amayesa chilichonse chimagawika.

Vairakannu anayang'ana Somayya. Somayya anayang'ana kudenga.

Anayamba ndi Chitamili. Vairakannu anagona pa sitepe yake, tsaya pathabwa. Zaka zonse zija zogona chitsinzinire zinamuphunzitsa kulira kwa kamera kuposa wojambula mwini wake. Ngwazi inalankhula za ufulu ndi chikondi, wotsogolera anati basi, Vairakannu anadzambatuka mano onse pamtunda. Koma kamera inali itasiya kale kulira, wojambula akupukuta thukuta m'khosi. Pa Chitelugu anayesa kufulumira koposa, mpaka anagunda bondo pasitepe. Chimodzimodzi.

Kunatsala Chihindi, ndipo mpukutu umene anaika unali womaliza. Somayya anabwera ngati akukonza mwendo wa mtembo, nawerama.

"Ndikukuona maso akowo. Usachite zopusa, Vairakannu. Mpukutu uwu ukawonongeka sindingathe kukuteteza."

"Ndamva, aphunzitsi."

Kamera inayamba kulira. Ngwazi ya ku Bombay inayamba mawu ake, aatali, okwera ndi kutsika, amene Vairakannu sankamvapo ngakhale limodzi. Sankadziwa ngati ali pakati kapena akutha. Sankadziwa ngati imfa yake inali ya Chihindi n'komwe. Chimene ankadziwa n'chakuti kamera ikulira tsopano, ndipo ikasiya siidzaliranso mpaka Lamulungu litadutsa. Anakumbukira Kanagam ali wamng'ono, atagwira chala chake chimodzi ndi dzanja lonse powoloka njanji, akumuuza kuti bambo musaope sitima, ndakugwirani.

Anadzuka. Sanafulumire. Anaimirira pakati pa mitembo, anasasa fumbi pamawondo, anatembenukira kamera n'kumwetulira, kumwetulira kwake kuja kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kumene kunalibe munthu anakuonapo m'holo ya kanema. Ngwazi inaiwala mawu ake. Mwana wamkazi wa mfumu anaphulika kuseka. Wojambula, chifukwa cha kudabwa, anaiwala kuzimitsa, ndipo mpukutu unathera pankhope ya Vairakannu.

Zimene ananena wotsogolera ndi mwini filimu sindizilemba, zinali m'zilankhulo zonse zitatu. Somayya ndi amene anamuperekeza kugeti, atamulanda nduwira ndi lamba.

"Usadzabwerenso kuno. Ndipo masitudiyo enawa amva dzuwa lisanalowe, ukudziwa mmene nkhani zimayendera."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Chitsiru iwe." Somayya anatsegula geti. "Ukwati uli nthawi yanji mawa?"

Vairakannu anayenda wapansi, ndipo ali m'njira anayamba kuwerenga. Lero wagona katatu, wadzuka kamodzi. Ngati ya Lachiwiri ija inali ya Chihindi, ndiye yatha, koma wagona m'Chitamili ndi m'Chitelugu osadzuka, zatsala ziwiri. Ngati inali ya Chitamili, ikadalipo, ya Chitelugu n'kuwonjezerapo, ziwirinso. Anaima pansi pa mtengo n'kuyambiranso ndi dzanja lina. Kulikonse kumene ankayambira, zinkatsala ziwiri. Anachoka m'mawa ndi imfa imodzi ndi ntchito, akubwerera ndi imfa ziwiri wopanda ntchito. Anafuna kulira, koma sankadziwa kuti ayambe kulira chiti.

Pakhomo anapeza atamangirira kale nthochi mbali zonse ziwiri za chitseko, chisakasa chitaimikidwa mumsewu, amayi akutunga maluwa m'kati. Thayammal anali pamalo pake, khala ndi kansanza m'manja.

"Mwafa kangati lero?"

"Ndagona katatu."

"Mwadzuka kangati?"

"Kamodzi. Pakati pa mawu a ngwazi, kamera ikulira. Andichotsa ntchito, mayi a Kanagam."

Milomo ya Thayammal inayamba kugwedera, ndipo Vairakannu anadziwa kuti zake zada, pakuti zimene iye anawerenga njira yonse mkazi wake akanazimaliza asanaphethire. Mayiyo anayang'ana mutu wopanda nduwira uja, tsaya lodzaza fumbi la pasitepe, bondo lotupa. Anaponya khala lija m'ngalande. Ananyowetsa kansanza n'kufufuta mzere uja mpaka pakhoma panangotsala chinyontho.

"Lowani mukasambe."

"Koma ine ndikawerenga zikutsala..."

"Inu kuwerenga munayamba liti? Lowani, madzi akuzizira."

Analowa, koma mtima sunakhale pansi. M'mawa wa Lamulungu anavala nsalu yake yoyera, zitoliro zikulira kale, ng'oma ikuitana. Ankati aloze kuchisakasa, Thayammal anamugwira mkono. Pakhonde panali wojambula zithunzi, kamera yake ya miyendo itatu itaima, munthu amene aliyense ankadziwa kuti anamuitanira madzulo, mwambo ukatha.

"Mwafulumira bwanji, achimwene?" anafunsa Vairakannu.

"Ndi mayiwa anditumira uthenga dzulo kuti ndilawire."

Thayammal anakoka mpando. "Khalani apa."

Anakhala. Wojambula analowetsa mutu m'nsalu yake yakuda, nati bambo asagwedezeke, ndiponso asaseke, chithunzi cha ulemu sichifuna mano.

"Zimenezo ndi zanu," anatero Thayammal kwa wojambulayo, natembenukira kwa mwamuna wake. "Inu, dzukani. Yang'anani uko. Mwetulirani."

Vairakannu anadzuka, anamwetulira, kamera inati tcha. Wojambula anatulutsa mutu akudandaula kuti chithunzi chawonongeka, munthu anali akuyenda.

"Jambulaninso china. Inu, khalani pansi. Dzukani. Mwetulirani."

"Chachitatu, mayi?" anafunsa wojambula, atatopa nazo.

"Ziwiri zakwana."

Thayammal anasasa kaulusi paphewa pa mwamuna wake n'kumukankhira kuchisakasa. Vairakannu anagwira dzanja la Kanagam naliika m'dzanja la mkamwini, Thayammal akuthira madzi, alamu ake aja ali pamzere wachitatu pafupi ndi Somayya. Kanagam anamugwira chala, ngati kale powoloka njanji.

Ku situdiyo sanabwererenso. Anapeza ntchito yong'amba matikiti pakhomo la holo ina ya kanema, ndipo anaigwira mpaka tsitsi lonse litayera. Filimu ija itafika anaionera m'Chitamili, anadziona atagona pa sitepe yachisanu, ndipo anatuluka osadziwabe kuti anamupha ndani. Ukamufunsa ngati zithunzi zoima zimawerengedwa pa mwambo umenewu, ankakanda m'mutu n'kunena kuti ukafunse mayi a Kanagam. Palibe anapitapo kukafunsa.

Zithunzi ziwirizo zikadali kwa Kanagam, zopachikidwa pamodzi pafupi ndi chitseko. Zonse n'zosaoneka bwino, bambo wa mphuno yokhota ali pakati pa kukhala ndi kuimirira, mano okha ndiwo akuoneka bwinobwino. Chakumphepete kwa chilichonse kukuoneka dzanja la Thayammal litamugwira pachigongono.